Thanga, Thabwa ndi Pemphero: Kukonza Chombo pa Nyanja ya Malawi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Moni wapadera kwa inu a kwa Champiti m'boma la Ntcheu: agogo athu, amayi ndi abambo, akulu a mipingo, aphunzitsi, achinyamata, ndi inu amisiri a matabwa amene wailesi ili pambali pa benchi. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya mbiri ndi luso la manja. Lero tikamba za boti la thanga, mmene limawonongekera, mmene amisiri amalikonzera, ndi mmene ntchito imeneyi yayendera limodzi ndi moyo wa mpingo m'dziko muno kwa zaka zoposa 100.

Mwina wina wafunsa kale kuti, ife a kumapiri kuno nyanja tilibe, za thanga zitikhudza pati? Zitikhudza ndithu. Usipa ndi utaka umene timagula pamsika udakwera boti usanakwere galimoto. Ana athu amatsikira ku Monkey Bay, ku Msaka ndi ku Senga Bay kukapikula nsomba. Makwaya athu ndi magulu a achinyamata amapita kunyanja kukacheza ndi kukatumikira. Komanso, monga mumve posachedwapa, sitima ina yakale kwambiri ya panyanjayi idafika kumadzi ndi mphamvu za Angoni. Khalani nafe.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tiyambe ndi ngozi. Chaka ndi 1895. Mishoni ya UMCA, imene ndiyo kholo la mpingo wa Anglican m'Malawi, inali itakhazikika pa chilumba cha Likoma kuyambira 1885. Wansembe wina dzina lake Chauncy Maples, amene adatumikira pa Likomapo kwa zaka zingapo, adadzozedwa ubishopu ku London mu June chaka chimenecho, ndipo adanyamuka kubwerera kwa nkhosa zake. Atafika kumwera kwa nyanja adakwera boti la thanga la mishoni lotchedwa Sherriff, ulendo wolowera kumpoto.

Pa 2 September namondwe adawapeza panjira. Botilo lidagubuduzika pafupi ndi Leopard Bay, m'boma la Salima. Amalinyero a kunyanja komweko adasambira nafika kumtunda, koma bishopuyo ndi mnzake Joseph Williams adamira. Anthu amati mkanjo wake wautali utanyowa udamulemera. Mtembo wake utapezeka adakauika ku Nkhotakota. Adamwalira ali ndi zaka 43, asanaponde pa Likoma ngati bishopu.

Aka sikanali koyamba kuti madzi alange mishoni imeneyi. Mu January 1862, Bishopu Charles Mackenzie, amene adayambitsa ntchito ku Magomero, adataya mankhwala ake a malungo bwato litagubuduzika mumtsinje wa Shire, ndipo adamwalira mwezi womwewo. Anthu onsewa anali opemphera usana ndi usiku. Koma mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira, siyang'ana kuti wakwera ndi bishopu kapena msodzi. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700. Mwera ukayenda mtunda wonsewo popanda chotchinga, mafunde ake amakula ngati a nyanja yamchere.

Mishoni idaphunzirapo. Idaona kuti ntchito ya panyanja ikufuna chombo chachikulu ndi cholimba. Abwenzi a malemuyo ku England adasonkhetsa ndalama, ndipo kampani ya Alley & McLellan ya ku Glasgow idapanga sitima ya nthunzi yotalika mamita 38, naitcha dzina la bishopu womirayo, Chauncy Maples.

Tsono sitima imachoka bwanji ku Scotland kufika ku Mangochi? Adaiphwasula kukhala zidutswa 3,481. Zidutswazo zidayenda panyanja yamchere mpaka ku Chinde, nakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pa mathithi a Shire palibe chombo chimadutsa, choncho katundu yense adayenda pamitu ndi pamapewa pa anthu. Panali chinthu chimodzi chosatheka kuphwasula: boyila, thanki yachitsulo yowiritsiramo madzi, yolemera matani 11. Adaikweza pa ngolo ya mateyala achitsulo, ndipo amuna 450 a Chingoni adaikoka ndi zingwe mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kukwera zitunda ndi kuwoloka makhwawa. Masiku amenewo Angoni ambiri a kumapiri kuno ankatsikira ku Blantyre kukagwira ntchito ya mtengatenga kuti apeze ya msonkho. Dzina lolembedwa pa sitimayo ndi la bishopu, koma thukuta limene lidaifikitsa kumadzi ndi la makolo athu.

Zidutswa zitafika kwa Mponda ku Mangochi, padabuka vuto lina. Ku Glasgow chidutswa chilichonse adachidinda nambala kuti olumikiza asavutike. Koma pofuna kuziteteza ku dzimbiri adaziviika m'chitsulo chosungunula, monga amachitira ndi malata, ndipo manambala aja adakwiririka. Amisiri adayamba kuyesa chidutswa ndi chidutswa, ichi chilowa apa, ichi ayi, mpaka ntchito idatenga zaka ziwiri. Sitimayo idalowa m'madzi pa 6 June 1901, chaka chomwecho chimene ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama kuno ku Ntcheu.

(NYIMBO YA KWAYA)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za zombo za panyanja ya Malawi ndi moyo wa mpingo.

Sitima ya Chauncy Maples inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala pa nthawi imodzi. M'kati mwake munali guwa la nsembe, malo ophunzirira ndi chipinda cha odwala. Inkaima m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, wansembe n'kutsika kukachititsa mapemphero ndi kuyendera sukulu, odwala n'kulandira mankhwala, amalinyero n'kumalonga nkhuni zosonkhezera moto wa boyila. William Percival Johnson, wansembe amene maso ake adawonongeka mpaka kutsala pang'ono khungu, adakhala zaka zambiri pa zombo za mishoni, poyamba pa Charles Janson, kenako pa Chauncy Maples, akumasulira Malembo m'Chinyanja cha kunyanja. Adamwalira mu 1928 ku Liuli, tsidya la Tanzania. Mwa ana a m'mphepete mwa nyanja amene adakula mu ntchito imeneyi mudatuluka Leonard Kamungu wa ku Chia, amene adadzozedwa unsembe mu 1909 nakatumikira ku Msoro m'dziko la Zambia.

Chimene timaiwala kawirikawiri ndi ichi. Wansembe sakadafika m'midzi imeneyo pakadapanda munthu womanga nati, wopala dzimbiri, wosoka thanga ndi wokapa madzi. Ndi chifukwa chake mishoniyo idakhazikitsa malo okonzera zombo ku Malindi, pafupi ndi Mangochi, kumene anyamata a dziko lino adaphunzira ntchito ya makina ndi ya matabwa. Mmisiri amene Lamulungu ankaimba m'tchalitchi, Lolemba ankapezeka pansi pa sitima ali ndi hamala m'manja, ndipo zonse ziwirizo zinali utumiki.

Tsopano tiyeni titsikire padoko, tione mmene amakonzera boti la matabwa lokhala ndi thanga, longa amene asodzi ndi onyamula katundu amayendera lero. Inu akalipentala a kwa Champiti, tcherani khutu, pakuti zida zake ndi zomwe muli nazozo: sowo, hamala, tchizulo, kasemasema ndi choboolera.

Choyamba ndi kulitulutsa m'madzi. Amayala zipika pamchenga, anthu n'kugwira chingwe, wina n'kutsogolera nyimbo, boti n'kumakwera pang'onopang'ono. Apa mutu umodzi susenza denga. Likafika pouma amalitsuka ndere ndi matope, n'kulisiya kuti liume. Mmisiri wodziwa salisiya padzuwa la phwee masiku ambiri, chifukwa matabwa akauma mothamanga amakhwinyata ndi kung'aluka. Amaliphimba ndi udzu kapena masamba a mgwalangwa.

Chachiwiri ndi kufufuza nthenda yake. Pamene madzi akuonekera m'kati si pamene alowera nthawi zonse. Mmisiri amatenga hamala n'kumagogoda thabwa lililonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, monga amachitira amayi pogula mbiya pamsika. Thabwa lamoyo limalira kuti ngwe ngwe. Lovunda limangoti phu phu. Pokayikitsa amabaya ndi nsonga ya mpeni, ndipo mpeni ukalowa mosavuta, thabwalo lapita, ngakhale penti wake akuwala. Malo oyamba kuwayang'ana ndi msana wa boti pansi penipeni, nthiti zimene matabwa amakhomeredwapo, thabwa lakumbuyo, ndi pamene pamakhala tsinde la mlongoti. M'malo amenewa madzi amakhalitsa, ndipo kuvunda kumayambira pomwepo.

Chachitatu ndi kuchotsa chovunda. Apa ndi pamene mwini boti ndi mmisiri amakanganirana. Mwini amati, "Amisiri, ingokhomanipo kachigamba, ndalama zavuta." Mmisiri woona amakana. Thabwa lovunda amalidula mpaka pamene mtengo uli wamoyo, ndipo amaonetsetsa kuti malekezero a thabwa latsopano agwere pa nthiti, kuti msomali upeze pogwira. Kukhoma lata pamwamba pa thabwa lovunda ndi kubisa nthenda, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa m'kati ndipo kuvunda kumafalikira. Kale ankakonda mlombwa, mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje, mitengo yopirira madzi. Lero mitengo imeneyi yasowa, ndipo mkungudza ndi wotetezedwa ndi lamulo. Ambiri akugwiritsa ntchito paini ndi bulugamu, amene amafuna kuuma bwino asanakhomedwe ndiponso penti wapafupipafupi. Misomali ikhale yosachita dzimbiri. Msomali wamba umadyeka m'kati mwa thabwa osaoneka, ndipo tsiku la mafunde thabwa limangofumuka.

Chachinayi ndi kumata mipata. Pakati pa thabwa ndi thabwa pamatsala kampata. Mmisiri amapota thonje kapena ulusi wa chingwe, n'kumaulowetsa mumpatamo ndi tchizulo chobuntha, akumenya pang'onopang'ono, dzanja lamanzere likusuntha tchizulo, lamanja likugogoda. Pamwamba pake amatsira phula lotentha kapena kupaka pate, kenako penti. Chinsinsi chake n'chakuti thabwa likalowa m'madzi limafufuma. Ukathinitsa thonje mopyola muyeso, matabwa pofufuma amakankhana mpaka kuzula misomali. Ukalekerera, madzi amalowa. Muyeso umenewu suphunziridwa tsiku limodzi, umalowa m'dzanja chifukwa chokhala pambali pa mmisiri wamkulu.

Chachisanu ndi mlongoti ndi thanga. Mlongoti, kaya ndi wa bulugamu kaya wa nsungwi yaikulu, ukhale wopanda mng'alu ndi wosafumbwa. Thanga, kaya ndi la nsalu yolimba kaya la matumba osokedwa pamodzi, limayamba kung'ambika m'makona ndi m'misoko, pamene mphepo imakoka kwambiri. Chigamba chikhale chachikulu kuposa pong'ambikapo, m'mphepete mwake mupindidwe, ndipo chisokedwe mizere iwiri ndi ulusi wa nayiloni. Chingwe cha m'mphepete mwa thanga ndicho chimanyamula mphamvu ya mphepo, choncho chikayamba kuyoyoka chisinthidwe. Zingwe zonse zipitidwe ndi dzanja kuchokera uku mpaka uko. Thanga lisapindidwe lili lonyowa, chifukwa limachita nkhungu ndi kufumbwa.

Chomaliza ndi kuyesa. Boti lokonzedwa kumene saliyamba ndi ulendo wautali. Amaliika m'madzi osaya, lopanda katundu, kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti matabwa afufume ndi kuti aone pamene pakudontha. Akatero ndiye amakweza thanga, kufupi ndi gombe, mphepo ili yofatsa.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Tabweranso, omvera athu. Ntchito imene tafotokozayi imatenga masiku, mwina masabata, makamaka ngati matabwa akuchokera kutali. Ndipo boti silisankha powonongekera. Kawirikawiri limagunda mwala kapena kuthyoka mlongoti pa doko lachilendo, eni ake ali kutali ndi kwawo, ndalama ya ulendo itathera ku misomali. Apa ndi pamene mpingo umaonekera kuti ndi mpingo.

Mlendo wotere akalowa m'tchalitchi Lamulungu, nthawi ya zolengeza amaimirira n'kunena dzina lake, kumene wachokera ndi chimene chamugwera. Mpingo wamoyo sumangowomba m'manja n'kumulandira ndi mawu okha. Mkulu wa mpingo amadziwa mmisiri wokhulupirika wa m'mudzimo. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Mothers' Union kapena a m'mphakati amadziwa nyumba imene ingapereke mphasa ndi mbale ya nsima. Achinyamata ali ndi mphamvu zokokera boti kumtunda. Nayenso mlendoyo asakhale wongolandira. Ngati ali ndi mawu alowe kwaya, ngati benchi la m'tchalitchi likugwedera alikhome, pakagwa maliro m'mudzimo akagwire nawo khasu kumanda. Munthu wotere pochoka amasiya abale, ndipo doko limenelo limasanduka kwawo kwachiwiri.

Malembo amene timawerenga sanyoza ntchito yokonza. Mu Marko chaputala 1, Yakobo ndi Yohane adaitanidwa ali m'ngalawa, akusoka makoka awo. Mu Machitidwe a Atumwi chaputala 27, Paulo adalimbikitsa anthu pa namondwe, koma amalinyero adakulunganso chombo ndi zingwe, natsitsa thanga, nataya katundu m'madzi. Pemphero lidalipo, manja nawonso adagwira ntchito. Ndiye tisamve munthu akukweza anthu pa boti lodontha n'kumati Mulungu atiteteza. Kumeneko ndi kumuyesa Mulungu, ndiponso ndi kusewera ndi miyoyo ya ana a eni.

Kwa inu atsogoleri a makwaya ndi a magulu a achinyamata ochokera kuno kumtunda, kumene ambiri sitidziwa kusambira, gwirani mfundo izi mukapita kunyanja. Musanakwere, yang'anani pansi pa boti. Ngati muli madzi ambiri ndipo wina akungokapa osapuma boti lili padoko, musakwere. Funsani majekete oyandamitsa, ndipo avalidwe, asakhale mtsamiro. Werengani anthu anu pokwera ndi potsika. Katundu wolemera akhale pansi ndi pakati, ndipo anthu asathamangire mbali imodzi. Zovala zazitali ndi zolemera, monga mikanjo ya kwaya, zipindidwe m'chikwama mpaka mutatsika. Woyendetsa akati lero nyanja yaipa, mawu ake ndiwo omaliza, ngakhale abusa kapena bambo mfumu akufulumira. Woyendetsa wanzeru amachepetsa thanga mphepo isanakule, ndipo chingwe chowongolera thanga sachimanga mfundo yolimba, amachigwira m'manja kuti achimasule msanga mphepo ikawomba mwadzidzidzi. Mvetseraninso machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi. Ngakhale sitima yachitsulo siposa nyanjayi mphamvu: pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 adataya miyoyo yawo.

Nanga sitima ya Chauncy Maples idathera kuti? Idatumikira mishoni zaka zoposa 50, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma lidaitenga kuti izinyamula asilikali. M'zaka za m'ma 1950 mishoni idaigulitsa, nikhala ya usodzi. Mu 1967 idakonzedwanso kukhala yonyamula anthu ndi katundu. Itakalamba idaimikidwa ku Monkey Bay. Mu 2009 bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust lidayamba kusonkhetsa ndalama kuti sitimayo isanduke chipatala choyandama cha midzi ya m'mphepete mwa nyanja, koma chipatalacho sichidayambe kuyenda pa nthawi imene anthu ankayembekezera. Phunziro lake ndi loonekeratu. Pa zaka zimene sitimayi inkapalidwa dzimbiri ndi kupakidwa penti chaka ndi chaka, idapirira mwera ndi nkhondo yomwe. Itaima osasamalidwa, mtengo woidzutsira udakula kwambiri.

Apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Mipingo yathu kwa Champiti ilibe maboti, koma ili ndi madenga, mabenchi, nyumba za abusa ndi za aphunzitsi, njinga za alaliki, njinga zonyamulira odwala ndi mijigo imene mudzi wonse umamwapo. Pomanga chatsopano timasonkha mokondwa, timaitana alendo, timavina ngoma. Koma lata limodzi likazuka, timalipenya chaka chonse mpaka mvula ivunditse phaso, ndipo chimene chikadatha ndi misomali ya m'dzanja limodzi chimafuna pepala sande itatu. Mjigo ukayamba kulira timangopopabe, mpaka amayi abwerere kukatunga kudambo.

Pempho lathu kwa akulu a mipingo, madikoni, makomiti a tchalitchi ndi mafumu athu ndi ili. Pa chopereka cha masika chaka chino, patulani gawo la zokonzera, lilembedwe m'buku ndipo lisakhudzidwe pa zina. Sankhani tsiku limodzi mvula isanagwe, muyendere katundu yense wa mpingo ndi mmisiri, mugogode, mubaye, mulembe chimene chafooka. Amisiri a mumpingo mwanu muwalipire moyenera ndi kuwalemekeza monga mulemekezera mlaliki, ndipo aliyense wa iwo mumupatse mnyamata kapena mtsikana woti aziphunzira pambali pake. Inu achinyamata amene mukuti ntchito kulibe, luso la matabwa limadyetsa munthu kumapiri ndi kunyanja komwe.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Konzani chimene muli nacho chisanagwe, ndipo musakwere kapena kukweza mnzanu pa chombo chimene simunachiyang'ane pansi.

(NYIMBO YOTSEKERA)